Ku Karonga filimu ya ziwanda siithera pa sikirini

Kumayiko kumene mafilimu a ziwanda amapangidwa, ambiri amawaonera kuti achite mantha kwa maola awiri, magetsi akayaka aliyense n'kumapita kwawo. Kuno ku Karonga sizitha choncho. Filimu imatuluka m'nyumba ya vidiyo n'kuwatsata ana mpaka pakhomo, ndipo tsiku limene mwana wapakhomopo wagwa pansi akuphiriphitha, thovu lili kukamwa, filimu ija ndiyo imayamba kuyankhula wina asanaganize n'komwe za chipatala. Boma lino lili kale ndi mbiri yoipa ya okalamba omenyedwa, otenthedwera nyumba ndi ophedwa powanamizira ufiti. Ambuye Martin Mtumbuka, amene akutsogolera Dayosizi ya Karonga chiikhazikitsireni mu 2010, adzudzula mchitidwewu mpaka mawu kusasa. Pamalo otere, amene akuti filimu ya ziwanda ndi masewera chabe sakudziwa kumene akukhala.

Tiyeni tiyeze filimu imene inabala anzake onsewa, The Exorcist. Ili ndi mphamvu zenizeni zimene otsanzira ake anazitaya, ndipo ili ndi poizoni amene otsanzirawo anamutola n'kumuchulukitsa.

Inatuluka mu Disembala 1973. Wotsogolera kujambula kwake anali William Friedkin, nkhani yake inachokera m'buku la William Peter Blatty la 1971, ndipo Blatty naye anatengera zimene zinachitikira mnyamata wina wa ku Maryland amene ansembe anamupempherera mu 1949. M'filimumu wogwidwa ndi mtsikana wa zaka 12, Regan, mwana wa mayi wochita zisudzo amene akukhala ku Georgetown mumzinda wa Washington. Mwana wansangala uja amasintha pang'onopang'ono. Amayamba kutukwana, amakodza pamaso pa alendo, bedi lake limagwedezeka, mawu ake amasanduka a munthu wina. Filimuyi inapikisana nawo pa mphoto 10 za Oscar n'kupambana ziwiri, ya kalembedwe ndi ya kamvekedwe.

Luso lake sindingalikane. Friedkin sapupuluma. Gawo lalikulu la filimu limatha chiwanda chisanadzionetse poyera, ndipo nthawi yonseyo akutizoloweretsa nyumbayo, mayiyo ndi mwanayo, kuti zoopsa zikamafika tikhale titawakonda kale. Chipinda cha mwanayo anachiziziritsa ndi makina enieni mpaka mpweya wa ochita sewero unkaoneka potuluka m'kamwa. Mawu a chiwanda ndi a mayi wina wachikulire, Mercedes McCambridge, amene anasasitsa dala kukhosi kwake. Imeneyi ndi ntchito ya anthu olemekeza oonera, yosiyana kutali ndi mafilimu amene amatifika pa memori khadi, mmene moto wojambula pa kompyuta umatuluka m'maso mwa munthu mphindi zisanu zisanathe.

Koma mphamvu yake yaikulu, imene ndikufuna munthu wa ku Kaporo, wa ku Lupembe, wa ku Nyungwe ndi wa ku Chilumba aimve, ndi iyi: kuyambira poyamba mpaka pomaliza palibe amene amafunsa kuti chiwandachi watumiza ndani. Palibe ndi mmodzi yemwe. M'nyumbamo muli antchito awiri achikulire, mwamuna ndi mkazi wake. Muli mtsikana wothandiza mayiyo. Bambo a mwanayo banja linatha ndipo ali kutali. Kwathu kuno onsewa akanakhala atakhazikidwa pabwalo dzuwa lisanalowe. M'filimumu palibe wolozedwa chala kuti walodza. Ngakhale mwanayo, ndi zonyansa zonse zotuluka pakamwa pake, filimu siimutenga ngati mfiti. Ndi wovutika, wogwidwa ukapolo m'thupi lake lomwe, ndipo aliyense akumenyera kuti abwerere.

Onaninso mmene zinthu zikuyendera. Mayi uja sathamangira kwa mneneri. Amayamba ndi dokotala, kenako akatswiri a ubongo, kenako a matenda a maganizo. Atathedwa nzeru m'pamene amapita kwa wansembe, Bambo Karras, amenenso ndi dokotala wa matenda a maganizo, ndipo yankho lawo loyamba ndi kukana: mwanayu akufunika chipatala. Atapita kukamuona amamuwaza madzi apampopi n'kumuuza kuti ndi odalitsidwa, kuti aone ngati anamizike. Amajambula mawu ake pa tepi n'kukawapereka kwa wodziwa zilankhulo. Pomaliza amapempha chilolezo kwa episkopi, ndipo episkopi amaitana wansembe wachikulire wodziwa ntchitoyo, Bambo Merrin. Palibe envulopu. Palibe mbuzi, palibe botolo la mafuta logulitsa, palibe khamu loitanidwa kuti lidzaone mwana akugubuduzika m'fumbi. Ansembe awiriwo amatseka chitseko, onse awiri amafera m'ntchitoyo, ndipo mwana ndiye amatsala ndi moyo.

Ndikufunseni inu aneneri amene mwadzaza m'makalasi a sukulu Lamulungu lililonse: ndi angati mwa inu anabwezapo kholo n'kuliuza kuti liyambe lapita kuchipatala? Ndi angati anatayapo kanthu kawo chifukwa cha mwana wa eni? Alipo, ndipo amenewo ndimawavulira chipewa. Koma kwa ambiri zinatembenuka. Wopempherera amatuluka ndi ndalama, wopemphereredwa amatuluka ndi zipsera, agogo ake amatuluka ndi dzina loti mfiti.

Poizoni wa filimuyi akuyambira kuchipatala komweko. Imapitako, inde, koma imapitako kukachinyoza. Chithunzi chowawa kwambiri kuchiona m'filimu yonse chimachitikira m'chipinda choyezera. Mwana wagonekedwa pa tebulo, amupaka mankhwala pakhosi, amubaya singano yaikulu mu mtsempha, magazi n'kutumphuka, kenako makina n'kuyamba kugunda mwaphokoso pamutu pake. Friedkin anajambula kuyeza kumeneku mwa njira yoti woonera adane nako. Pambuyo pake madokotala, atadzazana m'chipinda chimodzi, amavomera kuti alephera, ndipo ndi iwo eni amene amauza mayiyo kuti akayese otulutsa ziwanda. Phunziro limene mnyamata wa Sitandade 7 amatuluka nalo ndi lomveka bwino: chipatala chimazunza, chimadya nthawi, mapeto ake chimagonja. Ku Washington bodza limeneli mwina silipha munthu. Kuno, kumene mayi amayenera kusankha pakati pa kulipira njinga yamoto yopita kuchipatala ndi kungodutsa nyumba zitatu kukafika kwa mneneri, limapha.

Choipitsitsa n'chakuti filimuyi inatenga nkhope ya matenda n'kuiveka Satana. Thupi kuuma, msana kupindika, maso kutembenuzika, kudzikodzera, kuyankhula zosamveka, kusazindikira mayi wokubala: funsani namwino aliyense wa m'wodi ya ana, akuuzani kuti izi amaziona dzinja lililonse. Ndi malungo aakulu okwera ku ubongo. Ndi khunyu. Ndi matenda oumitsa khosi. Nthawi zina ndi matenda a maganizo amene amayamba munthu akamasinkhuka. Madokotala a m'filimumo amatchula okha mbali ya ubongo imene imachititsa anthu kugwa, kenako filimu n'kuwatsutsa. Chiyambire 1973 mafilimu osawerengeka abwereza nkhope yomweyo, mpaka diso lathu laphunzira kuti mwana wopindika msana ndi wa ziwanda.

Palinso zingwe. Regan amamangidwa manja pabedi, ndipo kumapeto Bambo Karras, atapeza mnzawo wafa, amamugwetsera pansi mwanayo n'kumumenya zibakera asanachiitane chiwanda kuti chilowe mwa iwo. Filimu imati akumenya chiwanda, koma thupi limene likulandira zibakerazo ndi la mwana. Aliyense amene anamangirirapo wodwala kumtengo, amene anamukwapula kuti chituluke, amene anamumana chakudya m'dzina la kusala, amanena mawu omwewo: sitikumenya iyeyu. Nanga ululuwo akumva ndani? A ku Britain sanalole filimuyi kugulitsidwa pa tepi yoonera kunyumba kuyambira 1988 mpaka 1999, poopa kuti igwera m'manja mwa ana. Ife ana athu amaonera zoposa pamenepa ndi chenji chotsala kuchigayo.

Amene akuyesa kuti ndikukokomeza amve za Anneliese Michel. Anali mtsikana wa ku Germany amene anayamba kugwa ali ndi zaka 16, ndipo madokotala anapeza kuti ndi khunyu. Banja lake ndi ansembe awiri anakhulupirira kuti ndi ziwanda. Anamuchitira mwambo wozitulutsa maulendo 67 m'miyezi pafupifupi 10, zachipatala zitasiyidwa, iye osadya. Anamwalira pa 1 Julayi 1976 ali ndi zaka 23, akulemera makilogalamu 30 okha. Mu 1978 khoti linapeza makolo ake ndi ansembewo olakwa pa imfa yake chifukwa chomulekerera. Ndiye taonani zimene Hollywood inachita ndi mtembo wa mwana wa eni ameneyu. Mu 2005 inatulutsa The Exorcism of Emily Rose, mmene wansembe ndiye ngwazi, mtsikanayo ndi woyera amene wasankha yekha kuzunzika, ndipo mboni ina imauza khoti kuti mankhwala a kuchipatala ndiwo analepheretsa mwambowo kugwira ntchito. Taimani pamenepo. Filimu yojambulidwa bwino, ya ochita sewero aluso, yolengezedwa kuti yachokera pa nkhani yoona, ikunong'oneza mayi wa mwana wakhunyu kuti mapiritsi amatchinga pemphero. Ine bodza limeneli ndimaliwerengera pamodzi ndi kupha.

Komabe mafilimu a ku America si amene adzaza m'nyumba zathu za vidiyo. Kwathu kumafika kwambiri a ku Nigeria ndi a ku Tanzania odzera pa Songwe, ndipo ambiri mwa awa anawonjezera chinthu chimodzi chimene Friedkin analibe, ndicho dzina la wolakwa. Chitsanzo chodziwika ndi End of the Wicked ya 1999, yochokera ku mpingo wa mlaliki Helen Ukpabio wa ku Calabar. Mmenemo ana amaitanidwa usiku kumsonkhano wa afiti, amadya nyama ya munthu, amabwerera kudzasautsa makolo awo, ndipo gwero la mavuto a pakhomo ndi mayi wachikulire wa m'banja lomwelo. Zimene zinkachitikira ana m'dera limenelo la Nigeria dziko linaziona mu 2008 pa pulogalamu ya Channel 4 yotchedwa Saving Africa's Witch Children: ana othamangitsidwa pakhomo, otenthedwa, ovulazidwa ndi abale awo enieni. Chaka chomwecho chigawo cha Akwa Ibom chinachita kuika lamulo loletsa kutchula mwana kuti mfiti. Filimu imodzi singasenze yokha mlandu wonsewo. Koma inapatsa mantha a anthu zithunzi, ndipo zithunzi sizichoka msanga m'mutu. Kuno kwathu takhala tikumva za ana akuti aphunzitsidwa ufiti, ouluka usiku kukadya nyama kumanda, ndipo mawu a mwana wa Sitandade 2 akhala okwanira kugwetsera nkhalamba nyumba. Ndani anakhalapo pansi ndi mwanayo n'kumufunsa modekha kuti zimene akufotokozazo anayamba kuziona kuti?

Lowani m'nyumba ya vidiyo pamsika uliwonse wa m'mbali mwa msewu wa M1 masana a Loweruka. Malata akutentha, mazenera atsekedwa ndi masaka, mabenchi ndi a matabwa osapala, sipika yaikulu yaikidwa panja kuti ikope odutsa. Kutsogolo, pansi penipeni pa sikirini, pakhala ana opanda nsapato, wina wabereka mng'ono wake kumsana. Pakhomo palibe wowafunsa zaka. Pamwamba pa mawu a filimu pali mawu a womasulira, m'Chichewa kapena m'Chiswahili, ndipo iyeyu samangomasulira. Amathira ndemanga zake, amakometsa, amaweruza, ndipo nkhalamba ya pa sikirini ikangotulukira iye waitchula kale chimene ili. Filimu ikatha anawo amatuluka akuthobwa m'maso ndi dzuwa, n'kubwerera kumudzi kumene kuli agogo ofiira maso ndi utsi wa nkhuni, oyankhula okha chifukwa cha ukalamba, osochera njira ya kuchimbudzi usiku. Ku Neno mu Januwale 2016 mphenzi inapha mtsikana, ndipo anthu anapha okalamba anayi powanena kuti ndiwo anaitumiza. Amene anagwira zikwanje ndi zibonga tsiku limenelo analinso ana nthawi ina, ndipo wina anawaphunzitsa kufunsa kuti watumiza ndani.

Zoona zake za khunyu ndi malungo aakulu sizobisika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka, ndipo 7 mwa 10 alionse angathe kusiya kugwa atalandira chithandizo choyenera. Mankhwala ake, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, ndi akalekale. Matenda a khunyu sapatsirana, malovu a wogwa sapatsa munthu kanthu. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana wa malungo aakulu, imene ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, inapangidwira kuno ku Malawi ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, ndipo dzina lake ndi Blantyre Coma Scale. Mwana wotere akafika msanga n'kubayidwa artesunate, nthawi zambiri amadzuka. Usiku umodzi wotayidwa pa mkeka wa mneneri ungamuphe, kapena kumusiya ndi ubongo wovulala moyo wake wonse. Ndipo ngati pali boma loyenera kudziwa zimenezi ndi Karonga. Ku Chilumba kafukufuku wa khate anayamba mu 1979, ndipo anthu a kuno anaona ndi maso awo matenda amene ankatengedwa ngati temberero akugonja ndi mapiritsi. Ku Mzuzu kuli St John of God, chipatala cha matenda a maganizo cha anthu a mpingo, kumene pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

Wina anena kuti wolembayu ndi wosakhulupirira. Sindikukangana ndi munthu za kukhalapo kwa mizimu yoipa. Tsegulani Marko mutu 9, nkhani ya bambo amene anabwera ndi mwana wake wogwera pamoto ndi m'madzi, wochita thovu ndi kukukuta mano. Yesu amafunsa bamboyo kuti zinayamba liti. Safunsa kuti wachita ndani. Satchula azakhali, satchula mkazi wachiwiri, satchula wopakana naye munda. Mwanayo samumanga, samumenya, salipiritsa atate ake. Amamugwira dzanja n'kumuimiritsa. Munthu wa kumanda uja wa mu Marko 5 anthu ndiwo ankamumanga ndi maunyolo, Yesu anamusiya atavala, atakhala pansi, mutu uli bwinobwino. Mneneri wotchula dzina la mfiti sanazitenge mu Uthenga Wabwino zimenezo. Lamulo la Mpingo wa Katolika limati wansembe sangachite mwambo wotulutsa ziwanda popanda chilolezo cha episkopi, ndipo buku la mwambowu la 1999 limachenjeza kuti asafulumire kutenga matenda, makamaka a maganizo, ngati chiwanda. Nanga mnyamata amene wagula jekete ndi maikolofoni dzana, n'kudzitcha mneneri, amayankha kwa yani?

Makolo a kumpoto kuno anali ndi njira yawo. Pa vimbuza, gule wochiritsa wa Atumbuka amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, wovutika ndi mizimu samangidwa. Amamuimbira ng'oma, amayi ndi ana amamuzungulira akuimba ndi kuomba m'manja, iye n'kuvina mpaka thupi kupepuka. Ng'oma siichiza malungo, ndipo asing'anga ena a guleyu nawonso amaloza anthu chala, zimene ndi zoipa chimodzimodzi. Koma pabwalo la vimbuza wodwala amakhala m'bale pakati pa abale. Mafilimu awa anabwera kudzatiphunzitsa kuti ndi chilombo choti tichithawe kapena tichimange.

Sindikupempha kuti mafilimu a ziwanda aletsedwe. Sizingatheke pamene filimu ikudumpha kuchoka pa foni kupita pa foni, komanso Amalawi tikukumbukira kumene lumo la boma linatifikitsa nthawi ya chipani chimodzi. Wamkulu wofuna kuonera The Exorcist aonere, aphunzirepo zimene zili zabwino. Chimene ndikukana ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kukhala pa benchi lakutsogolo. Tili ndi bungwe lounika mafilimu pansi pa lamulo la 1968, tili ndi khonsolo yopereka ziphaso za malonda, tili ndi mafumu m'mudzi uliwonse. Mwini vidiyo wolowetsa ana pa filimu ya ufiti alandidwe chiphaso. Omasulira adziwe kuti pakamwa pawo pali miyoyo ya anthu. Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur aike namwino ndi m'busa pa tebulo limodzi kuti afotokoze za khunyu m'Kyangonde ndi m'Chitumbuka, sabata ndi sabata, osati pokhapokha nkhalamba ina ikaphedwa. Lamulo la ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana woloza afiti ndi mlandunso. Pali amene akufuna lisinthidwe kuti livomereze kuti ufiti ulipo. Iwowa ayambe abwera ku Karonga adzaone mabwinja a nyumba zotenthedwa.

Kwa opanga mafilimu athu, njira ilipo kale. Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia, anatulutsa I Am Not a Witch mu 2017 n'kupambana mphoto ya BAFTA mu 2018. Ndi nkhani ya kamtsikana, Shula, kamene kanamiziridwa ufiti n'kumangiriridwa ku kansalu koyera kuti kasauluke, akuluakulu n'kumakadyera masuku pamutu. Mulibe mutu wozungulira, mulibe masanzi obiriwira monga mu The Exorcist, koma umatuluka mtima ukuwawa chifukwa choopsa chake ndi ife tomwe. Shemu Joyah ndi Joyce Mhango Chavula anaonetsa kale kuti Amalawi kamera amaitha. Wofuna kupanga filimu yoopsa ya ku Karonga asavutike ndi moto wa pa kompyuta. Aike kamera m'nyumba ya mayi wamasiye wa zaka 80 usiku wa maliro a mdzukulu wake, tione khamu likubwera ndi maso ake.

Inu makolo musadikire filimu imeneyo. Mwana akagwa, mutalikitseni ndi moto ndi madzi, mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Nyamukani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo pempherani muli panjira. Akapatsidwa mankhwala a khunyu asasiye kumwa chifukwa choti wina wamusanjika manja. Ndipo mneneri kapena sing'anga akangotsegula pakamwa kutchula dzina la munthu, kamunenereni kupolisi tsiku lomwelo, anyamata asanatole miyala.